Chipatala Chimene Sindinachipemphe

Kusukulu yathu ya udokotala, chaka chomaliza chili ndi lamulo limodzi loonetsa amene ali ndi abale ndi amene alibe. Wophunzira aliyense amadzipezera yekha chipatala china, kunja kwa cha sukulu, kokagwirako ntchito masabata angapo pansi pa dokotala wamkulu. Timaitcha ilekitivu. Ukasowa malo sulemba mayeso omaliza, umadikira chaka chamawa. Eni dziko amangoimbira amalume awo foni, nkhani yatha. Koma ife obwera, amene chilolezo chathu chokhalira m'dzikomo chimatha limodzi ndi chaka cha sukulu, timalemba makalata mpaka zala kuuma.

Ine ndinalembera zipatala zambiri moti ndinasiya kuziwerenga. Zina zinati malo adzaza, zina zinati sizilandira obwera, ndipo zochuluka zinangoti zii. Choncho mayi a ku ofesi yoona za malowa atandiitanitsa m'mawa umenewo, ndinapita nditakonzeka kale kumva zoipa.

"Khalani pansi, Mafunso," anatero akuyang'ana pakompyuta. Dzina limeneli anandipatsa ndi anzanga chifukwa pakamwa panga sipatha kufunsa, ndipo linafala mpaka mu ofesi. "Mwapeza malo. Dokotala wamkulu wa matenda a amayi, pachipatala chachikulu cha kwanu komwe, wavomera kukuyang'anirani."

Ananditembenuzira kompyutayo. Chipatalacho ndinkachidziwa, ndani kwathu sachidziwa. Dzina la dokotalayo ndi limene ndinali ndisanalimvepo.

"Koma mayi, ine kumeneko sindinalembereko. Aliyense amadziwa kuti amangotenga ophunzira awo okha."

"Ndiye muli ndi mngelo wanu. Munthu akakupatsa ambulera mvula ikugwa, sufunsa kuti waigula kuti." Anakoka mpando n'kuvala magalasi. "Funso limodzi lokha, timafunsa aliyense. Pali ubale uliwonse pakati pa inu ndi dokotalayu? Wamagazi, waukwati, ngakhale wongoyandikira ukwati?"

"Chifukwa chiyani mumafunsa zimenezi?"

"Chifukwa amene akukuyang'aniraniyo ndi amene amatiuza ngati mwakhoza. Azakhali sangalepheretse mwana wa mchimwene wawo. Zikadziwika pambuyo pake, masabata onsewo amafufutidwa, ndipo nkhani imapita kwa akuluakulu ngati chinyengo."

Ndinaseka. "Mayi, munthuyu sindikumudziwa ngakhale nkhope."

Analemba yankho langa, n'kundiuza kuti adokotalawo akufuna kundiona pa vidiyo mkuja masana. Ndinatuluka ndikumwetulira, koma ndisanafike pamasitepe mutu unali utayamba kale kuyabwa. Ndani anapereka dzina langa?

* * *

Mnzanga wogona naye chipinda timamutcha Wailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake imatulukira kuhositeli yonse. Ndinamupeza atakhala pabedi akupenta zikhadabo za kumapazi, buku la mankhwala atalisandutsa chopondera.

"Malo osapempha?" anakuwa. "Iwe, kulibe zaulere kunja kuno. Pali mwamuna pamenepa."

"Mwamuna wake uti?"

"Chidokotala china chamimba yaikulu chaona chithunzi chako penapake. Ukangofika uzikamva, bwerani ku ofesi tikambirane za odwala, chitseko chili chotseka. Tabweretsa foni."

Tinafufuza dzina lija. Tinapeza mndandanda wa maphunziro awo wautali ngati msewu, nkhani zimene analemba zokhudza amayi otaya magazi pobereka, ndi kachithunzi kamodzi kakale ka gulu la madokotala, onse atavala zophimba kumaso. Wailesi anakakulitsa mpaka anthu anasanduka madontho.

"Ndani ali ndi mapepala ako onse?" anafunsa. "Ziphaso, zotsatira za mayeso, zonsezo?"

"Ofesi. Iwe, chifukwa umandibera laputopu. Ndi Zitheka, amene anandithandiza kuwasindikiza."

"Ine ndikanakhala ndi dokotala wotere ndikanadzipezera ndekha malo, usandinamizire chikondi. Ndipo Zitheka wakoyo dokotala wamkulu angamudziwire kuti? Iye zake ndi masipanala."

Zitheka ndi chibwenzi changa, mnyamata wa kwathu. Anabwera kuno kudzaphunzira kukonza makina a m'chipatala, anamaliza, koma sanabwerere. Vuto lililonse umuuze, yankho lake ndi limodzi, zitheka, ndiye dzina linamumatirira. Ndimamukonda, ndinene mosabisa, ndimamukonda mpaka ndimadzikwiyira. Koma ali ndi zilema ziwiri. Choyamba ndi nsanje. Woyendetsa basi akangondipatsa moni kawiri, Zitheka amafuna kudziwa kuti tinadziwana liti. Chachiwiri ndi amayi ake. Sanandionepo, sadziwa dzina langa, koma tsiku lina ndinawamva ndekha pafoni akumuuza kuti, "Ngati kuli mtsikana amene akukuchedwetsa kumeneko, umuuze kuti pakhomo panga alibe mpando." Ndikamufunsa za iwo amangoti amagwira ntchito kuchipatala, kenako n'kuyamba nkhani ya mpira.

"Umuuze bwino," anatero Wailesi akuuzira zikhadabo. "Akangomva kuti dokotala wosamudziwa wakusankha, aphulika. Undiimbire ndidzaonerere."

Ndinamulembera Zitheka uthenga. "Ndapeza malo. Dokotala wina wake wandivomera osamupempha. Wailesi akuti mwina wakopeka ndi chithunzi changa."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Zikomo Ambuye! Ndinakuuza kuti zitheka."

Ndinadikira funso lotsatira. Ndani? Wazaka zingati? Ali pabanja? Silinabwere. M'malo mwake munalowa kachithunzi ka mtima ndi ka manja owomba. Ndinamuonetsa Wailesi, ndipo tonse awiri tinayang'anizana.

"Zitheka wopanda nsanje," anatero pang'onopang'ono. "Iwe, kapena akudwala, kapena akudziwa kanthu."

* * *

M'mawa mwake ndinamupeza Zitheka kochapira zovala, pansi pa nyumba imene amakhala. Ndi chipinda chotentha, cha makina asanu ndi limodzi a mzere umodzi, chonunkhira sopo ndi masokosi onyowa. Anali atagwada kuseri kwa makina amodzi amene anasiya kupota, ngakhale palibe anamutuma.

"Adokotala anga!" anatero akudzuka, manja ali mafuta okhaokha. "Lero ndiye mukuwala."

"Ndili ndi mantha," ndinatero ndikukhala pabenchi. "Munthu sindikumudziwa. Mawa ndilankhula naye pa vidiyo, sindikudziwa ngakhale chovala."

"Usavutike. Ungovala zosaonekera kwambiri, ndolo zazikuluzo uvule. Ulowe nthawi isanakwane, amadana ndi kuchedwa. Ndipo akakufunsa chinthu chimene sukudziwa, ungonena kuti sukudziwa. Ukayamba kuzungulira amakudula pakamwa."

Ndinamusiya amalize. Makina a pambali pake ankazungulira ndi mabulangete a munthu wina.

"Amadana ndi ndolo zazikulu," ndinabwereza. "Unawaona kuti?"

Anayamba kupukuta manja pansanza, chala chimodzichimodzi, ngati ntchito yofunika kwambiri padziko.

"Madokotala akuluakulu onse amatero."

"Zitheka, ndiyang'ane. Ndiwe unatumiza mapepala anga?"

"Mafunso, unkalira. Sabata yatha unalira pabenchi lomweli kuti ubwerera kwanu wopanda kanthu. Ndikanangokhala?"

"Ndani dokotalayu?"

Anakhala pansi pafupi nane, koma anasiya mpata woti munthu wina n'kukhalapo. "Ndi amayi."

Poyamba sindinamve bwino. Ndinaganiza kuti akunena kuti dokotalayo ndi munthu wamayi, ndipo ndinatsala pang'ono kupumira m'mwamba. Kenako ndinaona nkhope yake.

"Amayi ako? Aja amagwira ntchito kuchipatala aja?"

"Ndinanama? Samagwira kuchipatala?"

"Ine ndimayesa ndi anamwino, kapena a ku ofesi! Nanga dzinalo bwanji silikufanana ndi lako?"

"Kuntchito amagwiritsa dzina la kwawo. Anayamba udokotala asanakwatiwe ndi bambo." Anakanda m'mutu. "Ndikauza anthu kuti ndine mwana wawo, amayamba kundifunsa chifukwa chake ndimagwira sipanala m'malo mwa mpeni wa opaleshoni. Ndinatopa nazo."

Ndinaimirira, ndinakhalanso. M'mutu mwanga mafunso ankakankhana pakhomo moti sindinadziwe loyamba kutulutsa.

"Amayi amene anati ndilibe mpando pakhomo pawo avomera kundiyang'anira? Unawauza kuti ndine ndani?"

Apa ndiye anayang'ana kudenga. "Ndinawauza kuti ndiwe chibwenzi cha mnzanga."

"Cha mnzako uti?"

"Sindinatchule. Mnzanga basi, wa kuno. Ndinati ndiwe mwana wa kwathu wanzeru, wakhalidwe, wavutika kupeza malo. Anaona zotsatira zako, anakondwa okha, ine sindinawakakamize. Tamvera, Mafunso, ndaganiza bwino. Amayi sakhulupirira zouzidwa, amakhulupirira zoona ndi maso. Ukagwira nawo ntchito masabata amenewa akakukonda okha. Ndiye pamapeto ndidzangoti, amayi, mtsikana uja mumamuyamikira uja ndi ameneyu. Adzakana bwanji?"

Ananena zimenezi maso akuwala, ngati mwana amene wakonza wailesi ya bambo ake osatumidwa. Ndinafuna kumumenya ndi botolo la sopo, ndipo nthawi yomweyo ndinafuna kumukumbatira. Palibe munthu anandiganizirapo motere, ndipo palibe anandiikapo m'dzenje lakuya motere.

"Ukudziwa chimene ndinayankha ku ofesi dzulo? Anandifunsa ngati pali ubale, ngakhale wongoyandikira ukwati. Ndinati sindikuwadziwa ngakhale nkhope."

"Ndiye unanena zoona."

"Dzulo zinali zoona. Lero ndi bodza! Tsiku limene udzaimirire n'kunena kuti mtsikana uja ndi ameneyu, masabata anga onse afufutidwa, ndipo ine ndidzatchedwa wachinyengo. Zaka zonsezi ndaphunzira kuti ndidzathere pamenepo?"

Kumwetulira kuja kunachoka. "Lamulo limenelo sindimalidziwa."

"Ukanafunsa! Safunsa anadya phula, iwe wadya ndi njuchi zomwe."

"Ndiye tidzadikira. Ukalemba mayeso, ukalandira pepala lako, kenako tidzanena."

"Ndiye amayi ako adzamva bwanji, kuti ndakhala nawo mu wodi tsiku ndi tsiku ndikuwanamiza m'maso muli gwa? Mpando umene ndilibewo ndiye adzandipatsa?"

Anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona mawu ake aja akubwera.

"Ukangonena kuti zitheka," ndinamuchenjeza, "ndikulowetsa m'makinamu."

Anatseka pakamwa. Kenako mabulangete a munthu uja anasiya kuzungulira.

* * *

Masana omwewo ndinabwerera ku ofesi, nditatsimikiza mtima kuti ndikanena zonse. Ndinakonza ngakhale mawu ake m'basi. Pabenchi la panja pa chitseko ndinapeza mnzanga wina wa m'kalasi, wobwera ngati ine, mnyamata amene amakhoza kuposa tonse. Anali atagwira chipewa m'manja akuchipinda n'kuchiwongola.

"Akuti chipatala chomaliza chakana," anandiuza osafunsidwa. "Akuti ndiyambe kulongedza, ndidzayeserenso chaka chamawa ngati adzandilole kubwerera. Iwe zako zili bwanji?"

"Ndapeza," ndinayankha motsitsa, ngati ndaba.

"Gwiritsitsa ndi manja awiri."

Chitseko chinatseguka, mayi aja anasuzumira. "Mafunso! Mwabwera ndi funso linanso?"

Ndinayang'ana mnzangayo, ndinayang'ana mayiwo. Mawu onse a m'basi aja anabalalika.

"Ndimafuna kudziwa nthawi yeniyeni ya vidiyo ija, mayi."

Ndikutsika masitepe ndinadziuza kuti sindinabise, ndangochedwetsa. Ndiyambe ndawaona kaye amayiwo. Ndipo ndisanamize, pansi pa mantha onsewo panali chidwi. Ndinkafuna kuona nkhope ya munthu amene anandikana asanandione, n'kundisankha asanandidziwe.

* * *

Tsiku la vidiyo ndinavula ndolo, ndinavala bulauzi yotseka mpaka m'khosi, ndipo ndinathamangitsa Wailesi. Anatuluka akudandaula, koma mapazi ake ndinkawaona pansi pa chitseko. Foni yanga inkangonjenjemera ndi mauthenga a Zitheka. "Usaope." "Ndili nawe." "Wakwiyabe?" Ndinaiika chafufumimba.

Adokotala aja anatulukira pa sikirini atakhala mu ofesi yaing'ono yodzaza mafayilo, chovala choyera chili pampando. Chipumi chinali cha Zitheka, mpata wa mano ndi womwewo, ngakhale kapendekedwe ka mutu pomvetsera. Kusiyana kwake kunali kwakuti nkhope iyi sinkaoneka kuti inanenapo kuti zitheka.

"Mwafika msanga. Zabwino," anatero osapereka moni wautali. "Mayi wabereka bwinobwino, patapita kanthawi mukupeza bedi lanyowa magazi. Muli nokha, ine ndili kutali. Dzanja lanu lipita pati poyamba?"

"Pamimba, adokotala. Ndione ngati chiberekero chalimba, ndiyambe kuchisisita kwinaku ndikuitana thandizo."

Anafunsa lachiwiri, ndinayankha. Lachitatu linali la mankhwala amene ndinangowamvapo dzina.

"Limenelo sindikudziwa, adokotala. Koma ndingafunse? M'nkhani imene munalemba ija munati kwanu mumayamba ndi njira ina magazi akasowa mosungira. Munaiyamba bwanji?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anaseka, kuseka kwa Zitheka kwenikweni, ndipo anafotokoza kwa nthawi yaitali, manja akuyenda m'mwamba. Ndinaiwala mantha. Ndinafunsa lina, ndi lina. Mayi amenewa ankadziwa zinthu zimene mabuku athu sanena, ndipo mtima wanga unayamba kuwakonda popanda chilolezo changa.

"Iwe mwana ndakukonda," anatero pamapeto, inu uja atamutaya. "Ophunzira ambiri amagwedeza mutu ngati abuluzi, iwe umafunsa. Za malo ogona usavutike, udzakhala kunyumba kwanga. Chipinda cha mwana wanga chili chopanda munthu."

"Zikomo kwambiri, adokotala, koma hositeli ya chipatala..."

"Hositeli ili ndi nsikidzi. Nkhani yatha." Anatembenukira kumbali. "Tabwera kuno, udzaone mlendo wathu."

Pa sikirini panalowa mtsikana wamtali, wovala zobiriwira za ku opaleshoni, wokongola mokwiyitsa. Anaika dzanja paphewa la adokotalawo momasuka, ngati munthu wozolowera kutero.

"Uyu ndi dokotala wamng'ono wa mu wodi yanga, ndi amene azikakuyendetsa tsiku ndi tsiku. Anakulira limodzi ndi mwana wanga. Ine ndimamutcha mpongozi, ngakhale mwiniwakeyo akuchedwa kubwera kudzamaliza nkhani."

"Amayi inunso," anatero mtsikanayo akuseka mwamanyazi, koma sanakane. Anandikwezera dzanja. "Takulandirani, asisi. Akuti ndinu chibwenzi cha mnzake? Ndiye mumaonana naye kawirikawiri. Akadali wosakonda kupesa?"

"Akadali," ndinayankha, mawu akutuluka okha. Za mtsikana ameneyu Zitheka anali asanandiuzepo ngakhale liwu limodzi. Pansi pa tebulo ndinadzitsina ntchafu kuti nkhope isandipereke.

Adokotala anavula magalasi n'kuyandikira kamera. Mawu awo anatsika, sanalinso a mu wodi.

"Tsopano tamvera, mwana wanga, ndilankhule ngati kholo. Mwana uja anamaliza sukulu kalekale. Ntchito ndinamupezera konkuno, akukana kubwera. Ndikamufunsa amangozungulira. Ine ndine mayi, ndikudziwa kuti kuli mtsikana. Sindikudziwa kuti ndi wotani, ndi wa kwa yani, akumufuna chiyani, ndipo usiku sindigona. Ophunzira opempha malo kwa ine ndi ambiri, ndimawabweza. Iwe zotsatira zako ndi zabwino, inde, koma nditamva kuti uli m'gulu la anzake ndinati Mulungu wandiyankha."

Pakona pa sikirini panali kabokosi kakang'ono koonetsa nkhope yanga, yopanda ndolo, yaulemu, ikumvetsera. Kuseri kwa chitseko Wailesi anali atasiya ngakhale kupuma.

"Usaope, sindidzamuuza kuti ndamva kwa iwe," anapitiriza. "Ndiuze zoona zokhazokha, paja wandionetsa kale kuti chimene sukudziwa umanena kuti sukudziwa. Mtsikana ameneyu ukumudziwa?"

Ndikanatha kunena kuti ayi. Linali liwu lalifupi, ndipo likanandipulumutsa tsiku limenelo. Koma maso aja anali atandikhulupirira, ndipo bodza linakana kukwera pakhosi.

"Ndikumudziwa, adokotala."

Dokotala wamng'ono uja anakoka mpando n'kukhala pansi, kumwetulira kutazima. Amayi a Zitheka anatseka fayilo imene inali patsogolo pawo, anaikankhira kumbali, n'kupinda manja patebulo.

"Odwala adikire kaye," anatero. "Yamba ndi dzina lake."